Bala la Atate pa Pulasitiki

Kabwata, Lusaka
8 Seputembala

Okondedwa alongo anga a Agness,

Moni kaye, monga anatizoloweretsera amayi. Muli bwanji kumeneko ku Francistown? Alamu a Edmond msana uja unawasiya? Nanga ana akupita bwino kusukulu? Kuno tadzuka. Kutentha kwayamba, fumbi likulowa ngakhale mazenera otseka. Atate amaliza phala lawo lonse m'mawa uno, ndipo shuga wawo ali pabwino.

Kalatayi akupatsani a Kabamba, kondakitala wa basi ya Lachiwiri, pamodzi ndi envulopu yaikulu ndi katoni. Chonde muwerenge kaye musanatsegule zinazo.

Mudabwa kuti ndalemba papepala chonsecho timalankhulana pafoni Lamlungu lililonse. Mukundidziwa. Pafoni ndimangoti "eya, eya," mawu enieni n'kundifikira foni itaduka kale. Papita masabata awiri ndikukuyankhani "eya" ndili ndi zina kukhosi.

Zina ndibwereza ngakhale mukuzidziwa, chifukwa ndikufuna muzione momwe ndinazionera ine.

Mu Meyi, atate atawadula zala ziwiri za phazi lamanja chifukwa cha shuga, panatsala bala lakuya. Inu munatumiza makina oyamwa bala aja, ndipo akulu athu a Amock anapeza ba Nsofwa, nesi wa ku Woodlands, kuti azibwera Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu. Ankadula siponji yakuda molingana ndi bala, n'kuimata ndi pulasitiki, n'kulumikiza kapaipi kopita kukabotolo. Makina akalira, siponji inkafota ngati chikanda chouma, madzi a m'bala n'kuyamba kuyenda m'kapaipi.

Atate anawatcha makinawo mkazi wachiwiri. Akuti amang'ung'udza tsiku lonse, amadya osakhuta, ndipo ngakhale kuchimbudzi amafuna kupita nawo. Tinkaseka. Masiku amenewo ndinkakuyamikani kwambiri mumtima, alongo.

Tsiku loyamba lenilenilo ba Nsofwa anandiuza mawu amene ndinalemba kuseri kwa kalendala ya kutchalitchi. Anati makina awa ali ngati minibasi: kukwera aliyense amadziwa, nzeru ndi kudziwa potsikira. Anati potsikira ndi pawiri. Bala likadzaza ndi mnofu wofiira mpaka kufanana ndi khungu, mwafika, tsikani. Koma likatha masabata awiri osachepa, kapena likayamba kununkha, kapena m'kabotolo mukaoneka mafinya kapena magazi ofiira, kapena fupa likadwala, ndiye kuti basi yasochera, tsikani pomwepo, pitani kwa dokotala.

Anandiphunzitsanso kujambula bala. Ndinkabwera ndi mapulasitiki oikamo mapepala a kuofesi. Tinkaika awiri pabala, ine n'kutsata m'mphepete ndi cholembera, lapansi n'kutaya, lapamwamba n'kulembapo tsiku. Kenako ndinkaliika pa pepala la timabokosi ndi kuwerenga timabokosi ta mkati. Iyi ndiyo ntchito yokhayo imene ndinkadziona kuti ndikuitha. Pajatu zaka zinayi za ku yunivesite ndinathera pa kuwerengera zinthu, ndipo kuntchito ku Longacres amandilipira chifukwa cha zomwezo.

Tsiku loyamba tinalipo timabokosi 41. Patatha sabata, 40. Patatha masabata awiri, 41.

Lachisanu la pa 14 Juni ba Nsofwa analowetsa kachitsulo kowonda m'bala, pang'onopang'ono, kenako anaima. Atate sanamve kanthu, phazi lija linasiya kumva kalekale. Anali kuwasimbira za masuti amene anasokera akwati ku Kamwala. Ba Nsofwa sanaseke monga ankachitira. Anatsuka bala, n'kuliphimba ndi bandeji wamba, siponji osaibwezera, ndipo anati akufuna kulankhula ndi wamkulu wa pakhomo.

A Amock analipo tsiku limenelo. Anatuluka nawo panja, pafupi ndi galimoto. Ine ndinatsala ndikumanga magulovesi m'jumbo. Sindinadabwe. Kwathu nkhani yolemera imayamba yafika kwa wamkulu, wamng'ono amamva zotsala. Ndine chitsirizira, ndipo ndakhala ndikumva zotsala moyo wanga wonse osadandaula.

Madzulo ake a Amock anandiuza kuti ba Nsofwa apeza ntchito ku Ndola, sabweranso, ndi kuti bandejiyo anaika chifukwa anali pachangu. Mawa lake inu munaimba pavidiyo. Munati palibe chifukwa chofunira nesi wina, manja anga ndi odekha kuposa a manesi ambiri amene mumagwira nawo. Munandionetsa kadulidwe ka siponji, kamatidwe, ndi posindikiza. Munatumizanso mapiritsi kudzera kwa a Amock, munati ndi ongoteteza.

Alongo, sindibisa, ndinanyada. Palibe tsiku lina limene munandiyamikirapo chotero.

Kuyambira pamenepo ndine ndinkasamala bala. Ndinapempha kuti ndiziweruka msanga masiku atatu pa sabata. Magetsi akazima nthawi yaitali ndinkawakweza atate takisi kupita nawo kwa mnzanga wokhala ndi sola kuti batire isathe, chifukwa munati siponji isakhale pabala makina atazima. Chilichonse chimene munanena ndinachita.

Timabokosi tinakwera. 43. Kenako 44. Kenako 47.

Apa ndi pamene ndiyenera kuulula zanga. Ndinkaona. Kalendala ija inali pakhoma, kumutu kwa bedi la atate, mawu a ba Nsofwa ali kuseri kwake m'zolemba zanga zomwe. Fungo ndinalimva sabata yachiwiri. Madzi a m'kabotolo anasiya kukhala oyera, anayamba kuoneka ngati thobwa. Koma ndinadziuza kuti mwina dzanja langa likunjenjemera pojambula, mwina cholembera chatsopano n'chonenepa, mwina ba Nsofwa ankatsata m'kati ine ndikutsata kunja. Ndinawerenga timabokosi katatukatatu kufuna kuti ndipeze kuti wolakwa ndine.

Pa 1 Julayi ndinakutumizirani chithunzi cha bala ndi cha mapulasitiki, n'kukufunsani ngati si nthawi yoti tisiye makina. Yankho lanu likadali m'foni mwanga. Munati bala la shuga silithamanga, fungo ndi la siponji, ndipitirize, ndikuchita bwino.

Mtima unakhala pansi. Ndinati nesi wa zaka makumi awiri pa ntchito wanena, ine wa timabokosi ndine yani.

Zotsatira mukuzidziwa. Atate anayamba kunjenjemera masana, ife n'kumati ndi chisanu cha Julayi. Pa 15 anandiitana ndi dzina la mng'ono wawo amene anamwalira ine ndisanabadwe. Tinathamangira nawo kuchipatala. Dokotala atachotsa siponji anafunsa kuti ndani wakhala akumata zimenezi pa fupa lowola. A Amock anayang'ana pansi. Ine ndinayankha kuti ndine.

Sanandikalipire. Anangondiyang'ana, n'kunena kuti makina amenewa sachiza fupa, amangolitsekera matenda m'kati. Anati tikanabwera mwezi wapitawo mwina akanachotsa mbali ya phazi yokha. Pa 17 Julayi anawadula mwendo m'munsi mwa bondo. Mwendo umene unapondaponda makina osokera zaka makumi anayi, umene unalipira sukulu yanu ya unesi ndi yunivesite yanga.

Mwezi wathunthu ndinayenda ndi mawu aja akuti "ndine." Ndinkawamva m'minibasi, ndinkawamva kuofesi. Inu pafoni munkati ndisadziimbe mlandu, zinali zoti zichitike. A Amock ankati ndi chifuniro cha Mulungu. Ndinkaona ngati mukundikomera mtima.

Loweruka la pa 24 Ogasiti ndinapita ku Kamwala kukafuna timphira ta kunsi kwa ndodo zoyendera. Ndikutuluka m'sitolo ndinamva wina akundiitana. Anali ba Nsofwa, atanyamula zitenje ziwiri kukhwapa. Anati, "Ba Thandazani, shani? Ba tate bali bwanji, phazi inapola?"

Ndinawafunsa ngati abwera kudzacheza kuchokera ku Ndola. Anaseka, anati ku Ndola sanapondeko chibadwire, akali ku Woodlands komweko. Nditawauza za mwendo, kuseka kunatha. Anandikokera pambali, pakhonde la sitolo ya nsalu, mawilibala akutidutsa.

Mawu awo ndiwalemba momwe anawanenera, kuti musati ndawonjeza. Anati, "Ine ninabauza ba Amock ati fupa yadwala, mashini isabwelelepo, bapelekeni kuli dokota lelo lelo. Na ba sisi banu ninakamba nabo pa foni usiku wamene uja, nesi na nesi. Banati tamvela. Mawa yake ba Amock banituma uthenga ati osabwelanso, tapeza dokota."

Nesi na nesi, alongo.

Anati anaganiza zondiimbira ine, koma anaona kuti si bwino kudumpha akulu a pakhomo. Anapepesa kawiri. Ndinawauza kuti palibe chopepesa. Ndinaima pamenepo ndi timphira tanga m'manja mpaka wa wilibala anandifunsa ngati ndikugulitsa malowo.

Sindinabwerere kunyumba. Ndinakwera basi ya ku Chelstone, kunyumba kwa akulu athu. A Amock ndinawapeza akutsuka galimoto. Sanakane. Anangotseka mpopi, n'kunena kuti ndisaiwale kuti pa 10 Ogasiti linali tsiku lovundukula chiliza cha amayi. Anati achibale a ku Katete anali atauzidwa kale, abusa anali atavomera, inu munali mutapatsidwa tchuthi. Anati dokotala akanaona fupa limenelo akanatenga mpeni, ndipo atate sakanaima pamanda a mkazi wawo ndi mapazi awo. Anati inu munawatsimikizira kuti ndi makina ndi mapiritsi bala likhoza kudikira masabata asanu ndi atatu.

Ndinafunsa kuti nanga bwanji sanandiuze ine, amene ndinkagwira bala. Anati, "Iwe ukanayamba mafunso ako a ku yunivesite." Kenako anati ndisawaunjikire okha, ndikafunse mwini mwendo.

Zinanditengera masiku atatu kuti ndifunse. Ndinawapeza atate pakhonde, atayala thalauzi la suti yakuda pamiyendo, ija anadzisokera okha mu Epulo pokonzekera chiliza. Anali atapinda mwendo wamanja wa thalauzilo mpaka pabondo, akuusoka pamanja, ulusi ali nawo kukamwa. Anati sakufuna mapini, mapini ndi a anthu osadziwa singano.

Ndinawafunsa ngati ankadziwa zimene ba Nsofwa anapeza. Sanasiye kusoka. Anati ankadziwa, ndipo ndi iwo anapempha kuti ine ndisauzidwe. Anati analonjeza amayi kuchipatala kuti tsiku la chiliza adzaima okha, osagwiriziza munthu. Anati a Amock amamva zonena, inu mumamva chisoni, koma ine ndikadziwa chinthu manja anga amakana. Anati, "Ukanazimitsa, mwana wanga. Ndimakudziwa."

Ndakhala ndikuwatembenuza mawu amenewa. Sindikudziwa ngati anali kundinyoza kapena kundiyamika. Mwina iwonso sakudziwa.

Atate sindingawakwiyire nthawi yaitali. Mwendo unali wawo, lonjezo linali lawo, ndipo alipira kuposa tonse. Munthu wodwala amapempha zosatheka, ndi chifukwa chake pamakhala ena omukanira. A Amock sadziwa kusiyana kwa fupa lodwala ndi chipsera, anangomva kuti nesi wa m'banja wavomera. Koma inu mumadziwa. Munadziwa pa 14 Juni. Munadziwa pamene munkandiuza kuti manja anga ndi odekha. Munadziwa pa 1 Julayi mukuyang'ana chithunzi chija.

Chimene chikundipweteka si chakuti munalakwitsa. Mwina mumtima mwanu munkakhulupiriradi kuti masabata asanu ndi atatu atheka, ndipo atate akalira pafoni sindikudziwa kuti ine ndikanatani. Chikundipweteka n'chakuti munafuna manja oti achite chimene nesi wakana, ndipo munasankha anga chifukwa mumadziwa kuti ndimadzikayikira. Munadziwa kuti timabokosi tikatsutsana ndi inu, ndidzakhulupirira inu. Ndipo dokotala atafunsa kuti ndani, munandisiya ndinyamule ndekha mwezi wathunthu, mukundiuza mokoma kuti ndisadziimbe mlandu.

Nthawi zina ndimaganiza kuti mwina ndikukulitsa nkhani, kuti mwina m'mabanja onse zimatere. Ndalemba kalatayi kanayi, katatu ndinang'amba chifukwa cha maganizo omwewo. Ino sinding'amba.

Tsopano za lero.

Mukudziwa kuti pamene anadula panatseguka mbali imodzi kumayambiriro kwa Ogasiti, ndipo dokotala atatsuka ndi kuona kuti fupa lili bwino anati tibwezere makina omwewo. Ndinaopa kuwagwiranso. Dokotalayo anati makinawo alibe mlandu, ndipo anandiuza kuti ndizibwera ndi mapulasitiki anga Lachinayi lililonse, aziwaona yekha.

Ulendo uno timabokosi tinatsika. 22, 18, 13, 9. Dzenje linadzaza ndi mnofu wofiira ngati m'kati mwa gwafa wakupsa. Kabotolo kankatha masiku atatu kali pafupifupi kouma. Lachinayi lapitali, ndisanalowe n'komwe kwa dokotala, ndinali nditadziwa kuti tafika. Nditamuuza, anayang'ana bala, n'kundifunsa kuti nanga ndabwereranji kwa iye ngati ndikudziwa kale. Anati mnofu wafanana ndi khungu, makina atha ntchito, kupitiriza kungonyowetsa khungu la m'mbali ndi kuwamangirira atate pabedi pamene ayenera kuyamba kuphunzira ndodo. Anati kuyambira pano ndi bandeji wamba.

Lachisanu a Amock anabwera ndi uthenga wanu, woti tisafulumire, tisiye makina masabata ena awiri kuti tikhale otsimikiza. Uthengawo munatumiza kwa iwo, osati kwa ine. Ndikumvetsa kuti tsopano muli ndi mantha, ndipo mantha amafuna kuti china chake chizilira pafupi ndi bedi. Inenso ndinali nawo. Ndinakhala pansi ndi mapulasitiki anga, ndinawerenganso, ndipo mawu aja anabweranso akuti mwina dzanja langa, mwina cholembera.

Kenako ndinawauza atate zonse: zimene dokotala wanena, zimene inu mwanena, ndi zimene ine ndikuona. Sindinabise mbali iliyonse. Ndinawaonetsa mapulasitiki pazenera, limodzi pamwamba pa linzake. Anayang'ana nthawi yaitali ngati akuyeza nsalu, n'kunena kuti mkazi wachiwiriyu wakhalitsa, apite kwawo.

Makina anali atazima kale kuyambira Lachinayi kuchipatala, ndipo sindinawayatsenso. A Amock anati ndidikire kaye tilankhule nanu Lamlungu. Ndinawauza kuti ayi. Ndikuganiza kuti aka kanali koyamba kuwauza mawu amenewa, chifukwa anandiyang'ana ngati ndalankhula chilankhulo china.

M'nyumba muli zii tsopano. Dzulo atate anayenda ndi ndodo kuchokera pabedi mpaka pachitseko cha kukhitchini, akutukwana ndodozo njira yonse.

Mu envulopu muli mapulasitiki onse a bala loyamba, kuyambira 27 Meyi mpaka 12 Julayi. Ndawasanja motsatira masiku. Chimene ndikupempha n'chimodzi. Muwatenge masana, muime pazenera, muwaike limodzi pamwamba pa linzake monga ndinkachitira ine, mpaka lomaliza. Mukatero mundilembere. Musaimbe, chifukwa pafoni ndidzangoti "eya" ndipo mudzaganiza kuti zatha. Sindikufuna mundiuze kuti zinali zoti zichitike. Mundiuze zimene munaganiza pa 1 Julayi musanayankhe uthenga wanga.

Chiliza tachiika pa 26 Okutobala. Atate akuti adzaima, ndi ndodo, osagwiriziza munthu, ndipo thalauzi latha kusokedwa. Tchuthi chija munabweza mu Ogasiti, muchipemphenso. Atate akufuna kukuonani, ndipo ine, ngakhale zili chonchi, ndidzabwera kudzakuchingamirani ku siteshoni ya mabasi ya Intercity. Ndinu alongo anga, amene munandibereka kumsana amayi ali kumsika. Sindikudziwa kuti ndidzakuyang'anani bwanji, koma ndidzabwera.

Mundiperekere moni kwa alamu a Edmond. Lubuto mumuuze kuti agogo ake asunga kalata yake ija m'Baibulo, ndipo Destiny mumupsompsone m'malo mwanga. Atate akupereka moni kwa nonse. Akudziwa kuti ndikulemba, ndipo akudziwa zimene ndalemba, chifukwa ndawawerengera. Anangoti pa mawu a gwafa ndakokomeza.

Mulungu amene anasunga atate mu Julayi akusungeni inunso, akupatseni tulo ndi mphamvu pa ntchito yanu.

M'katoni muli makina anu. Ndawapukuta bwino, chingwe chake ndi masiponji otsala zili pambali. Kuno ntchito yawo yatha.

Ine mlongo wanu,
Thandazani